Valavu ya thanki ya gasi pa motorhome yanga yakale, zomwe zinandichitikira

Woyamba kumva fungo anali mayi a kunyumba, ine ndinkangoti mwina ndi zinyalala kapena thanki ya madzi oyipa ija, chifukwa motorhome yathu, galimoto ija yokhala ndi kanyumba kogonamo ndi kuphikiramo, ndi ya 1989 ndipo galimoto ya zaka zimenezo imakhala ndi mafungo ake ambiri. Koma iwo anaumirira kuti ayi, ili ndi fungo la gasi, ndipo limamveka kwambiri m'mawa mphepo isanayambe, cha kumbali komwe kuli kachitseko ka thanki. Ndinagwada nkununkhiza pansi, zoonadi, fungo lija ngati la mazira owola linalipo. Gasi wa mu thankiyi, yemwe amati propane, payekha alibe fungo, opanga amathiramo mankhwala otchedwa ethyl mercaptan dala kuti munthu uzimva akamatuluka, nde ukalimva usamadzinamize kuti ndi china.

Ndikulemba izi chifukwa ndinawononga ndalama ndi masabata angapo pa zinthu zomwe wina akanandiuza pa mphindi khumi, komanso tsiku lina ndinatsala pang'ono kuchita chinthu chomwe chikanativulaza tonse.

Choyamba mudziwe thanki yomwe muli nayo. Pa ma motorhome ambiri thanki si silinda ija yoimirira yomwe umamasula nkupita nayo kukasinthitsa, ndi thanki yogona yomangidwa ndi mabawuti ku chasisi, imene amaitcha ya ASME, ndipo ili ndi kachitsulo kolembapo kukula kwake, chaka chomwe inapangidwa ndi presha yomwe imapirira. Ine ndinkangoti "valavu ya thanki" ngati ilipo imodzi, koma nditapukuta fumbi ndi matope ndinapeza kuti pali zinthu zisanu zolowa mu thankimo. Pali pothirira gasi pomwe amalumikiza payipi ya pampu, pali valavu ya chigubu chopotokola ndi dzanja yomwe imatsegulira gasi kupita mnyumba, pali kavalavu kakang'ono kopumitsira kamene amatsegula pothira kuti adziwe kuti thanki yafika 80 peresenti, pali valavu yotetezera yomwe imadzitsegula yokha presha ikakwera mopyola, ndiye pali geji. Chilichonse mwa zisanuzi chitha kudontha, ndipo fungo silikuuza kuti ndi chiti.

Ine sindinafufuze. Ndinawerenga kuti ma regulator akale, tizipangizo totsitsa presha ya gasi akamachoka mu thanki, amavuta nde ndinangogula yatsopano nkuika. Kuyika kwake sikunavute, kupatula kuti nati yolumikiza regulator ku valavu, ija amati POL, mathiredi ake ndi a kumanzere, umamasula popotokola mbali yomwe nati wamba umamangira, ndipo ili ndi timizere todula m'makona mwake tokuchenjeza zimenezo. Regulator yakaleyo inalidi yotopa, sindikudandaula kwambiri kuti ndinaisintha, koma patapita masiku awiri fungo linali pomwepo.

Apa mpomwe ndinachita zomwe ndimayenera kuyambira. Madzi ndi sopo wotsukira mbale mu kabotolo kopopera, kupopera paliponse pomwe chitsulo chakumana ndi chitsulo, kenako kukhala phee nkumayang'ana. Chenjezo limodzi, musagwiritse mankhwala opukutira magalasi kapena sopo aliyense wokhala ndi ammonia, chifukwa mavalavuwa ndi a brass ndipo ammonia amapangitsa brass kuchita ming'alu pakapita nthawi. Ndipo chonde abale anga, machesi kapena laita ayi, ndikudziwa alipo anthu amayesa choncho koma ayi ndithu. Pa regulator panalibe kanthu, pa geji palibe, pothirira palibe. Nditapopera pansi pa chigubu cha valavu yaikulu ija, pomwe kamtengo kachitsulo kamalowa mkati, thovu linayamba kufufuma pang'onopang'ono ngati la nkhanu, timatuza ting'onoting'ono tosaleka.

Mkati mmenemo muli kamphira kozungulira kamtengoko, ndipo patatha zaka zoposa 30 kakuuma ndi kutentha ndi kuzizira, kanali katatha ntchito. Chomwe ndinaphunzira apa chinandithandiza kwa kanthawi ndipo mwina chithandiza wina lero lomwe. Mavalavu ambiri a mtunduwu anapangidwa kuti ukatsegula mpaka kumapeto, amakakhala pa mpando wina wa kumbuyo womwe umatseka njira ya gasi yopita ku kamphira kaja. Ine chizolowezi changa chinali kutsegula kawiri katatu basi nkusiya pakati, poganiza kuti ndikusamala, osadziwa kuti pakatipo mpomwe kamphira kamasenza presha yonse kokha. Nditatsegula mpaka inaima, nkupoperanso sopo, thovu linasiya. Ndinasangalala zedi tsiku limenelo, ndinauza mayi kuti zatheka.

Sizinathe. Patapita mwezi tinkafuna kuimika galimoto kwa nthawi yaitali nde ndinapita kukatseka gasi, ndipo ndinaganiza zoyesa ngati valavu ikutsekadi. Kuyesa kwake nkosavuta, umayatsa mbaula imodzi mkati, nkupita panja kukatseka valavu, moto umayenera kuchepa nkuzima pakangopita kanthawi gasi wa m'mapayipi akatha. Wanga unachepa inde, koma sunazime. Unangokhala kamoto kabuluu kakang'ono kozungulira, mphindi zisanu, khumi, kakadayakabe. Ndinabwerera panja nkumanga chigubu ndi mphamvu zanga zonse za dzanja, kamoto kali pomwepo. Ndinaganiza zotenga pulayala koma mtima unakana, ndipo ndinachita bwino chifukwa kukakamiza kumangophwanya pokhalira pa valavu kapena kuthyola kamtengo komwe.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Kudontha kwa pa kamtengo kunali kovuta koma uku kunali koopsa kuposa, chifukwa valavu imeneyi ndi yomwe umathamangira payipi ikaduka panjira kapena firiji ikagwira moto. Ngati siitseka ndiye kuti ulibe pothawira. Ndinaganiza kuti basi isinthidwe yonse.

Tsopano mvetserani bwino gawo ili chifukwa ndi lomwe ndalembera zonsezi. Valavu yokha si yodula kwenikweni, ndipo kuimasula ndi ntchito ya sipanala yomwe munthu aliyense wozolowera kukonza galimoto angaione ngati yaing'ono. Vuto ndi lakuti kumbuyo kwa valavuyo kulibe valavu ina. Ukaimasula, chomwe chili mu thanki chonse chimatulukira pa bowo limenelo, pankhope pako. Geji yanga inkaloza pa E, nditagogoda thanki inkamveka ngati yopanda kanthu, ndipo Loweruka lina ndinali nditagona kale pansi pa galimoto sipanala ili m'manja. Chomwe chinandiimitsa ndi kavalavu kakang'ono kopumitsira kaja, ndinangoti ndikatsegule pang'ono ndione. Kanalira psiiii mwamphamvu ngati tayala lalikulu likuphwa, ndinakasiya masekondi angapo, mphamvu yake osachepa ngakhale pang'ono. Ndinatseka, nkutuluka pansipo manja akunjenjemera.

Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa chake. Mu thanki gasi amakhala wamadzi, ndipo propane amawira pa madigiri 42 pansi pa ziro, kutanthauza kuti pa nyengo iliyonse yomwe ife timakhalamo iye akufuna kusanduka mpweya, chikumuletsa ndi chitsulo cha thanki basi. Presha ya mkatimo siidalira kuchuluka kwa gasi, imadalira kutentha. Kunja kukakhala madigiri 21 presha imakhala cha m'ma 110 psi, kuposa katatu ya tayala la galimoto yaing'ono, kukatentha kufika 38 imafika cha m'ma 175 psi, ndipo zimenezi zili chimodzimodzi kaya thanki ndi yodzaza kaya mwatsala kapu imodzi ya gasi wamadzi pansi. Nde geji ikamati E sikuti ikukuuza za presha, ikungonena kuti kachoyandama ka mkati kafika pansi, ndipo pa thanki yakale kachoyandamako kathanso kukakamira nkumakunamiza. Lita imodzi ya gasi wamadzi imasanduka malita pafupifupi 270 a mpweya, ndipo mpweyawo umayaka ukangokwana 2 peresenti ndi pang'ono mu mphepo yomwe tikupumayi, mpaka pafupifupi 10 peresenti. Werengerani nokha kuti lita imodzi ingadzaze malo aakulu bwanji. Kuwonjezera apo ndi wolemera kuposa mphepo, sukwera kumwamba, umayenderera pansi ngati madzi nkukakhala m'maenje, pansi pa galimoto, mu galaja, kudikira kamoto kamodzi. Ndipo wamadziyo akakugwera pakhungu amawotcha ndi kuzizira.

Lolemba lake ndinayamba kufunsa kwa anthu a gasi. Malo awiri oyamba anati iwo amangothira, sakonza mathanki. Malo achitatu ndinapeza bambo wina wachikulire yemwe wagwira ntchito ya gasi moyo wake wonse, anabwera ndi tochi nkugwada kuyang'ana, nkundifunsa kuti mwatsala gasi wochuluka bwanji. Ndinati geji ikuti mulibe. Anagwedeza mutu nkuti, "Achimwene, geji imeneyi musaikhulupirire, ine ndimakhulupirira moto. Moto ukazima wokha valavu ili chitsegulire, ndiye tikambirane." Anandiuza kuti pali mavalavu ena omwe kamphira ka pamwamba kamasinthika thanki ili ndi gasi, bola valavu ikutseka bwino pansi, koma yanga poti siinkatseka panalibe njira ina koma kukhuthula thanki yonse.

Anandipatsa njira ziwiri, kuti iwo apope gasiyo ndi makina awo kapena ine ndikamuwotche ndekha pogwiritsa ntchito zipangizo za mnyumba kenako iwo amalize wotsalayo. Ndinasankha yachiwiri. Chomwe sindinachite, ndipo musachite, ndi kungotsegula kavalavu kopumitsira nkusiya gasi azitulukira panja usiku wonse. Ndinaimika galimoto pabwalo poyera kutali ndi nyumba, nkuyatsa hita ya mu motorhome ndi chotenthetsera madzi, mawindo onse ndi chitseko zili zotsegula, ine ndili pompo osachoka. Mbaula sindinaisiye ikuyaka yokha, ndinkangoiyatsa ndikakhala mkatimo. Hita ya motorhome ikamayaka osalekeza imadya gasi wopitirira lita imodzi pa ola, ndipo thanki ija geji inkati ilibe kanthu inayatsa hita madzulo atatu. Madzulo atatu abale! Ndikakumbukira kuti ndinali pansi pake ndi sipanala ndimangoti Mulungu anandisunga.

Ngakhale moto utazima, bambo aja sanathamangire kumasula. Analumikiza payipi yawo yaitali yopita ku choyatsira china chomwe chinali patali pabwalo, nkuwotcha mpweya wotsalawo mpaka lawi linagwa lokha, kenako anatsegula kavalavu kopumitsira nkudikira mpaka kanasiyiratu kulira. Batire ya galimoto ndi ya mnyumba zonse anandiuza ndichotse mawaya, firiji izime, foni ndisiye patali, chozimitsira moto chinali pafupi ndi bondo lawo nthawi yonse.

Valavu yakaleyo inakana kutuluka poyamba. Zaka zonsezo inali itagwirana ndi thanki, ndipo malo ake ndi opanikizika moti sipanala wamba siilowa bwino, ukakakamiza imaterereka nkudya makona a brass. Iwo anali ndi chida chake chomwe chimavala valavu yonse, anaika chitsulo chachitali nkukoka mosathamanga, osamenya ndi hamala, mpaka inalira kwee nkuyamba kuyenda. Itatuluka panamveka fungo lamphamvu kwambiri moti ndinabwerera m'mbuyo, koma anati ndi mafuta otsalira pansi pa thanki omwe amasunga fungo lija, si gasi wambiri. Atandionetsa mkati mwa valavuyo, pokhalira pake panali patadyeka mzere wozungulira, kamphira kolimba ngati mwala kosweka mbali imodzi. Anati nthawi zambiri zimayamba ndi anthu omanga valavu mopitirira muyeso, zaka ndi zaka, aliyense kuwonjezera mphamvu pang'ono.

Pogula yatsopano musangotenga iliyonse yooneka yofanana. Ine ndinajambula kachitsulo ka thanki kaja ndi manambala a pa valavu yakale, ndipo tinayitanitsa potengera zimenezo. Valavu ya silinda yoimirira si yofanana ndi ya thanki yogona ngakhale mathiredi atalowa. Mavalavu ena ali ndi kavalavu kopumitsira pathupi pawo pomwe ndi kapayipi kolowa mkati, ndipo kutalika kwa kapayipiko kukalakwika ndiye kuti 80 peresenti ija yalakwikanso. Ena ali ndi kachipangizo kochepetsa gasi payipi ikaduka, ena alibe. Zonsezi zimayenera kufanana ndi zomwe thankiyo inapangidwira.

Poti thanki inali yopanda kanthu kale, anandilangiza kuti tisinthiretu valavu yotetezera ndi kamphira ka pa geji, chifukwa kukhuthula thanki ndiye ntchito yaikulu ndipo palibe amene amafuna kuibwereza chaka chamawa. Ndinavomera. Valavu yotetezerayo kachivindikiro kake kanagwa kalekale ndipo mkati munali dothi lomwe mavu anamangamo, sindikudziwa ngati ikanatseguka tsiku loifuna. Yatsopano inayenera kukhala ya presha yofanana ndi yolembedwa pa kachitsulo ka thanki, chifukwa mathanki ena ndi a 250 psi ena 312. Anayang'ananso thanki yonse ndi mabulaketi ake, anati dzimbiri la pamwamba limapalidwa nkupenta koma likakumba maenje mu chitsulo ndiye thankiyo yatha, kuika valavu yatsopano pamenepo nkutaya ndalama. Yanga inapulumuka, inangofuna kupala ndi penti.

Pa mathiredi olowa mu thanki anapaka phala lake lovomerezeka pa gasi, kusiya mathiredi awiri oyambirira osapaka kuti lisagwere mkati. Koma pa nati ya POL ndi pa malumikizidwe ena a payipi ya kopa yotambasula kukamwa anati osaika kalikonse, tepi kapena phala, chifukwa pamenepo chimatseka ndi kukumana kwa zitsulo ziwirizo osati mathiredi, ndipo tepi imangolepheretsa kuti zikhale bwino. Apa ndinavomereza kuti pa regulator ija ndinakulungapo tepi yoyera ya mapayipi a madzi. Anaichotsa yonse nkupukuta bwinobwino.

Chinthu china chomwe sindinkachidziwa nkomwe ndi chakuti thanki ikatsegulidwa, mphepo ndi chinyezi zimalowa, ndipo siungangothiramo gasi nkumapita. Mphepo yotsalira imakweza presha ndipo moto umavuta kuyaka, chinyezi chimatha kuundana mu regulator nkutseka njira, komanso dzimbiri la mkati limameza fungo lija amathira mu gasi moti tsiku lina gasi atha kumadontha iwe osamva kanthu. Nde anathira mpweya wa gasi pang'ono, nkuutulutsira ku choyatsira chija, kuthiranso, kutulutsanso, kangapo konse, kenako ndi pomwe anathira gasi wamadzi pang'ono nkupopera sopo paliponse. Palibe thovu. Atatero anadzaza, kavalavu kopumitsira kali kotsegula, mpaka kanayamba kulavula nkhungu yoyera, nkusiyira pomwepo. Malo otsala pamwambawo ndi ofunika chifukwa gasi wamadzi amafufuma kwambiri kukatentha, thanki yodzaza mpaka pakamwa imakakamiza valavu yotetezera kutulutsa gasi dzuwa likangowomba.

Nditafika kunyumba ndinachita mantha kachiwiri. Ndinatsegula valavu yatsopano mwachangu, kuyatsa mbaula, kamoto kochepa kwambiri, kuyatsa yachiwiri zonse zinatsala pang'ono kuzima. Ndinaimba foni ndikuganiza kuti tagula valavu yolakwika, bambo aja anangoti nditseke valavu, ndizimitse zonse, ndidikire mphindi zingapo, kenako nditsegule pang'onopang'ono kwambiri mpaka kumapeto. Kachipangizo kochepetsa gasi kaja kakaona gasi akuthamanga mwadzidzidzi m'mapayipi opanda kanthu kamaganiza kuti payipi yaduka nde kamatseka. Nditatsatira zimenezo moto unabwera wabuluu bwinobwino. Poyamba umalavulalavula pang'ono chifukwa cha mphepo ya m'mapayipi, yambani ndi mbaula musanayatse firiji ndi hita.

Sabata yotsatira ndinabwererako kuti ayeze mapayipi onse a mnyumba ndi manometer, chida choyezera presha yochepa, chifukwa sopo amangokuonetsa pomwe maso ako akufika, pomwe mapayipi ambiri amadutsa pansi ndi kuseri kwa makabati. Regulator yabwino imatsitsa presha kawiri, koyamba kufika cha m'ma 10 psi kenako kufika mainchesi 11 a madzi pa manometer, presha yomwe ndi yosakwana theka la psi imodzi. Anatseka thanki, kutsitsa presha ya m'mapayipi kufika mainchesi 8, nkuyang'ana wotchi mphindi zitatu, siinatsike. Kuyeza kumeneku sikukanatheka nkomwe ndi valavu yakale ija, chifukwa ikanamawonjezera gasi mobisa nkumaphimba kudontha kulikonse. Anatembenuzanso regulator yanga pang'ono kuti kabowo kake kopumira kayang'ane pansi, madzi ndi matope asamalowe, ine ndinali nditaika kakuyang'ana cham'mbali.

Chomaliza chinali alamu ya gasi ya mkati, ija imakhala pafupi ndi pansi. Nthawi yonse ya vutoli siinalirepo, ndipo nditaimasula kumbuyo kwake kunali deti losonyeza kuti inatha ntchito zaka zambiri zapitazo, kanyali kobiriwira kankangoyaka basi. Ma alamu amenewa amakhala zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, yang'anani deti pa yanu. Pa ma motorhome ena akale alamuyo imalumikizidwa ndi valavu ya magetsi yomwe imatseka gasi alamu ikazima, nde musanasinthe onani mawaya ake, mungadabwe gasi atasiya kufika mnyumba. Yanga inali ya mawaya awiri okha, ndinaisintha ndekha madzulo amodzi.

Panopa papita miyezi isanu ndi iwiri. Kabotolo ka sopo kamakhala mu kachitseko ka thanki momwemo, ndimapopera ndikangothiritsa gasi komanso tisananyamuke ulendo wautali. Dzulo ndinayatsa mbaula nkupita panja kukatseka valavu ndi zala zitatu zokha, ndisanakwere masitepe kubwerera mkati mayi anakuwa kuti wazima.